Boma liziyankha m'chilankhulo chimene tafunsira

Apongozi anga sanapondeko m'kalasi. Anabadwira cha ku Tengani, akalambira komweko, ndipo Chisena ndicho amakalipira nacho mbuzi zikalowa m'dimba, ndichonso amapemphera nacho akamagona. Chichewa amachimva, koma ngati mmene munthu amamvera wailesi ya kwa aneba: mawu ena amafika, ena amathera panjira. Chaka china akuba anaswa khola usiku n'kukusa ng'ombe ziwiri. Wodziwa chigwa cha Shire akudziwa kuti kuno ng'ombe si ndiwo chabe. Ndiyo fizi ya mwana, ndiyo lobola, ndiyo nkhokwe chaka chimene mapira apserera ndi dzuwa. Patapita masabata munthu wina anapezeka nazo, ndipo apongozi anaitanidwa kukhoti kukachitira umboni. Ndinawaperekeza.

Munali mu Okutobala, kutentha kuja kwakuti malata amachita kulira okha. M'chipindamo tonse tinali Amalawi: woweruza, wapolisi woimira boma, woimbidwa mlandu, ndi ife a pabenchi. Koma funso linkanyamuka m'Chingerezi, womasulira n'kulitembenuzira m'Chichewa, mayi n'kuyankha m'Chisena, womasulira uja n'kubwezanso yankho m'Chingerezi kuti lilembedwe. Womasulirayo anali mnyamata waulemu, wakumtunda ngati ine, ndipo Chisena ankangochitola apa ndi apo. Sindimuda, anam'patsa bwato lopanda nkhafi. Atafunsidwa kuti akudziwa bwanji kuti ng'ombezo ndi zawo, apongozi anafotokoza nthawi yaitali, manja akuloza, mawu akunjenjemera. Zonsezo zinatuluka m'Chingerezi ngati kachiganizo kamodzi. Titatuluka, tili pamthunzi wa mtengo wa nimu, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Alonganji mwana ule?" Ankafuna kudziwa kuti mwana uja wanena chiyani. Ndinati, "Amayi, wanena kuti ng'ombe zanu mumazidziwa." Anangoti duu, n'kumanga bwino chitenje chawo.

Mlandu unatha mmene unathera, ndipo si chigamulo chimene ndikudandaula. Chimene chinandikhala pamtima n'chakuti mayi amene wavota pa chisankho chilichonse kuyambira 1994, amene walima thonje m'dziko lino moyo wake wonse, anaima pamaso pa boma lake ngati mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja.

Tikamva zoti chilankhulo cha boma, ambiri timakumbukira mndandanda woloweza pokonzekera mayeso: Mozambique Chipwitikizi, Tanzania Chiswahili, Egypt Chiarabu, Argentina Chisipanishi. Ine ndaona kuti chilankhulo cha boma chimadziwikira pawindo lolandirira mankhwala, pakauntala ya apolisi, m'bokosi la mboni, pabolodi la Sitandade 1. Ndi chilankhulo chimene ukachilankhula boma silingakane kukumva, ndipo liyenera kukuyankha momwemo. Tikayesa ndi muyeso umenewu, Malawi ali nacho chimodzi chokha, Chingerezi, chimene anthu ambiri m'dziko muno sachilankhula.

Tsegulani malamulo oyendetsera dziko a 1994. Simupezamo ndime yonena poyera kuti chilankhulo cha boma ndi chakuti. Gawo 26 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha. Gawo 42 limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Mawu abwino zedi. Koma mukafika pa gawo 51 mupeza kuti wofuna kukhala phungu ayenera kudziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira, ndipo gawo 56 limati zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo zizichitika m'Chingerezi, kapena m'zilankhulo zina zimene nyumbayo ingavomereze. Khomo limenelo linasiyidwa lotsegula, koma zaka zoposa 30 zadutsa palibe walowapo. Choncho mlimi wa ku Ngabu amene amadziwa mtengo wa thonje kuposa aliyense, amene angaime pabwalo n'kutsutsa mfundo mpaka mafumu kuomba m'manja, sangaimire anzake ku Lilongwe. Ndipo amene timawatumako, ena mwa iwo akambakamba odziwika kwawo, akafika amakhala chete zaka zisanu poopa kusekedwa akathyola Chingerezi. Tawamva pawailesi akuwerenga movutikira pepala limene wina wawalembera. Dera lonse limakhala lasowa pakamwa.

Ndiye pali chinthu chimene ndikachiganiza chimandipweteka. Dziko limene linalemba Chichewa m'malamulo ake aakulu ngati chilankhulo chovomerezeka ndi boma ndi Zimbabwe. Malamulo awo a 2013 amatchula zilankhulo 16, ndipo pamndandandapo pali Chichewa, chimene anapita nacho makolo athu okagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Palinso Chibarwe, chimene ndi pachibale penipeni ndi Chisena, komanso chilankhulo chamanja cha anzathu osamva. Chichewa chalembedwa ku Harare, kwawo kuno chikungoyendera chizolowezi.

Musandimve molakwa, sindikuti kulemba papepala ndiye kuti nkhani yatha. South Africa inalemba zilankhulo 11 mu 1996, n'kuwonjezera chilankhulo chamanja mu 2023 kukhala 12, komabe mu 2017 akuluakulu a makhoti kumeneko anagwirizana kuti zolemba za milandu zizisungidwa m'Chingerezi chokha. Bolivia mu 2009 inavomereza Chisipanishi pamodzi ndi zilankhulo 36 za eni nthaka, zina mwa izo zili pafupi kutha. Ku Ireland chilankhulo choyamba cha boma ndi Irish, koma m'misewu ya Dublin mumamveka Chingerezi. Pepala palokha silichiza. Ubwino wake ndi wakuti limakupatsa pogwira. Munthu wa ku Zimbabwe wolankhula Chichewa akhoza kuloza ndime n'kunena kuti boma likuphwanya lamulo lake lomwe. Apongozi anga alibe choloza.

Kufika apa ndikudziwa kuti Achewa anzanga akugwedeza mitu kuvomereza. Tsono imani pang'ono, chifukwa nafenso tili ndi mlandu woyankha.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kuno kuchigwa ndili mnyamata, atanditumiza kudzaphunzitsa, ndipo ndinakwatira konkuno. Sabata yoyamba, belu litalira, ndinauza ana a Sitandade 1 kuti, "Longani mabuku anu." Ana ena analongadi. Ena anangondiyang'ana, ndipo kamtsikana kena kanaimirira, manja kumbuyo, kakudikira kuti ndikauze choti kanene. M'Chisena kulonga ndi kulankhula. Mwana uja anali womvera, anachita chimene anamva. Tsiku lina ndinapatsa mwana choko chotsala, iye n'kugwada n'kuti "takhuta." Kwa Mchewa mawuwo ndi a munthu amene wadya mokwana, kwa Msena ndi zikomo. Zilankhulo ziwirizi ndi zapachibale, n'chifukwa chake timadzinamiza kuti Msena aliyense amamva Chichewa. Amamva zambiri, inde. Koma kuchipatala ndi kukhoti, pang'ono pamene watsalira pomwepo ndi pamene pagona moyo wa munthu.

Mbiri yake tikuidziwa. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha fuko, choyendera limodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe loyang'anira Chichewa. Zina mwa zotsatira zake n'zabwino, ndipo sindichita manyazi kunena: lero munthu wa ku Marka ndi wa ku Chitipa akhoza kutsatsana malonda mu Limbe popanda wowamasulira. Koma panali mtengo wake, ndipo anaulipira ndi ena. Amang'anja a kwa Lundu anauzidwa kuti zimene amalankhula ndi Chichewa chokhota, chonsecho dikishonale yaikulu imene David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa mu 1892 inali ya Chimang'anja. Asena ndiye anasanduka choseketsa. Mpaka lero kwerani minibasi yochokera ku Nsanje mumvetsere. Kuchoka pa boma, kudutsa Bangula, Ngabu, Nchalo, m'galimoto muli Chisena chokhachokha, nthabwala zili wawawa. Mukawoloka mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukwera mapiri a ku Thabwa, Chisena chija chimayamba kuzilala. Pofika mu Blantyre anthu omwe aja akulankhula Chichewa, ena akuyesetsa kubisa ngakhale kamvekedwe ka mawu awo. Palibe wapolisi amene wawaletsa. Chawaletsa ndi kuseka kwathu. Chimene Chingerezi chimatichita ife m'maofesi, ife timachitira anzathu pamsika, ndipo sitingadandaule chimodzi n'kulekerera chinacho.

Wina anena kuti tikayamba kutchula Chisena, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chitonga, Chingonde, dziko ligawikana. Mantha amenewa ndimawamvetsa, chifukwa tsankho la zigawo tili nalo kale, ndipo pa chisankho chilichonse limatukula mutu. Koma tiyeni tione kumene magazi anakhetsedwadi chifukwa cha chilankhulo. Pa 21 Febuluwale 1952 apolisi anawombera ophunzira mumzinda wa Dhaka, amene ankakana kuti Urdu chikhale chilankhulo chokhacho cha Pakistan pomwe anthu ochuluka a dzikolo ankalankhula Chibengali. Mu 1971 chigawo chimenecho chinapatuka kukhala Bangladesh, ndipo tsiku lija ndi limene dziko lonse limakumbukira zilankhulo za makolo chaka ndi chaka. Sri Lanka mu 1956 inakhazikitsa lamulo loti Sinhala chokha ndicho cha boma, olankhula Tamil n'kutsekeredwa kunja kwa ntchito za boma. Zifukwa zinalipo zinanso, koma bala limenelo linali m'gulu la zimene zinabala nkhondo yochokera 1983 mpaka 2009. Ana a ku Soweto anafa pa 16 Juni 1976 pokana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans. M'malo onsewa moto sunabuke chifukwa boma linamvera zilankhulo zambiri. Unabuka chifukwa linaumirira chimodzi.

Nanga Tanzania? Funso limeneli ndi lolemera, sindilizemba. Dziko la zilankhulo zoposa 100 linagwirizana pa Chiswahili, ndipo aphungu ku Dodoma amakangana za bajeti m'chilankhulo chimene mayi wogulitsa mandasi akumva. Mu 2019 bungwe la SADC linachivomereza kukhala chimodzi mwa zilankhulo zake zogwirira ntchito. Phunziro loyamba pamenepa ndi lakuti chilankhulo cha mu Africa chikhoza kusenza nkhani za misonkho, malamulo ndi ngongole za boma, ndiye amene amati Chichewa chilibe mawu okwanira akungonena za ulesi wathu. Koma tikumbukirenso kuti Chiswahili chinakulira m'mphepete mwa nyanja ngati chilankhulo cha malonda, sichinali cha mtundu waukulu wolamulira, ndipo Julius Nyerere mwiniwake anali wa mtundu waung'ono wa Zanaki. Palibe amene akanati mtsogoleri akutikakamiza chilankhulo cha kwawo. Kuno zinali zosiyana, ndipo n'chifukwa chake Chichewa sichingakwezedwe chokha popanda kutonola zilonda zakale.

Dziko limene ndimalisirira pa nkhaniyi ndi Switzerland. Ali ndi zilankhulo zinayi: Chijeremani, Chifalansa, Chitaliyana ndi Romansh. Chomalizachi olankhula ake sakwana ngakhale munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Komabe malamulo awo amati boma likamachita zinthu ndi munthu wolankhula Romansh, chilankhulo chimenecho ndi cha boma: akalemba kalata m'chilankhulo chake, yankho limabwera momwemo. Pandalama zawo zamapepala pali zilankhulo zonse zinayi. Kuwonjezera apo, zigawo zawo 26 chilichonse chimasankha chokha chilankhulo choyendetsera sukulu, makhoti ndi maofesi ake. India nayenso amatero: boma lalikulu limayendera Hindi ndi Chingerezi, malamulo amatchula zilankhulo 22, ndipo chigawo chilichonse chili ndi chake. Ife tili ndi maboma 28, lililonse ndi khonsolo yake. Chovuta n'chiyani kuti khonsolo ya Nsanje ndi ya Chikwawa zivomerezedwe mwalamulo kugwira ntchito m'Chisena ndi m'Chimang'anja pambali pa Chichewa ndi Chingerezi, Mangochi m'Chiyao, Rumphi m'Chitumbuka?

Ndamva kale yankho: Switzerland ndi wolemera, ife tikusowa ndi panado yemwe. Zoona. Koma taganizani bwino. Khoti lija linali kale ndi womasulira, ndipo amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Kulemba ntchito womasulira wodziwa Chisena, n'kumuyesa mayeso asanayambe, malipiro ake ndi omwewo. Achinyamata a MSCE odziwa Chisena, Chichewa ndi Chingerezi ali mbwee pa Bangula ndi pa Nchalo, akupalasa kabaza. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene inakhazikitsidwa mu 1996 kuti izigwira ntchito ya zilankhulo za m'dziko muno. Mipingo inamasulira kalekale Chipangano Chatsopano m'Chisena popanda kudikira chuma cha boma. Ngakhale anzathu a ku Mozambique, kumene malamulo amati chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi chokha, kuyambira 2003 ali ndi sukulu zina zimene mwana amayamba kuphunzira m'chilankhulo cha kwawo, Chisena ndi Chinyanja zili momwemo. Amenewo ndi abale athu enieni, amene timawolokerana pa Marka kukaikana maliro. Si olemera kuposa ife.

Ndipo kusamvana nakonso kuli ndi mtengo, kungoti sulembedwa mu bajeti. Kuno timakhala ndi madzi. Tinaona chigumula cha Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023. Shire ndi Ruo zikakwiya, anthu a ku Makhanga amatsala pachilumba. Pa nthawi ngati imeneyo chenjezo liyenera kulowa m'khutu la gogo mwachindunji, osati kudzera mwa mdzukulu amene mwina wapita kudimba. Mawailesi a m'madera athu amathandiza kwambiri chifukwa amalankhula ngati mmene anthu amalankhulira pakhomo. Koma zimenezi zikuchitika mwa chifundo cha anthu ndi mabungwe, osati chifukwa lamulo likutero. Pamsasa wa anthu othawa madzi ndinaonapo mayi akudinda chala papepala la Chingerezi limene sanauzidwe bwino kuti likunena zosamukira kumtunda. Kuchipatala namwino wotopa, amene waona odwala mazana kuyambira m'mawa, amafotokoza kamwedwe ka mankhwala m'Chichewa chothamanga, wodwala n'kuvomera mwaulemu, kunja n'kukafunsa mlonda wa pageti. Nthawi ya kampeni ndiye aliyense wofuna voti amaphunzira kunena "muli tani" ndi "takhuta." Ngati Chisena chimakwana popempha voti, chikwanenso pofotokoza mmene ndalama za chitukuko cha dera zayendera.

Pa za sukulu ndilankhule monga munthu amene wadya choko zaka zambiri. Sindidana ndi Chingerezi. Ndimafuna ana athu achidziwe bwino kuposa mmene ife tinachidziwira, chifukwa popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sumaiona, ndipo amene amapita ku Johannesburg kapena ku yunivesite amachifuna tsiku lililonse. Makolo amene amakakamira Chingerezi sakulakwa, akuona kumene kuli ntchito. Koma tayendayenda pa nkhaniyi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a Chisena sitinawaone, aphunzitsi sanaphunzitsidwe, ndipo tinapitiriza ndi Chichewa. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. M'kalasi la ana oposa 100, pansi pa mtengo, mphunzitsi amanena chiganizo m'Chingerezi, ana n'kubwereza mokweza ngati nyimbo, osadziwa chimene akunena. Mwana wa ku Dedza amalimbana ndi chilankhulo chachilendo chimodzi. Mwana wa ku Nsanje amalimbana ndi ziwiri nthawi imodzi, kwinaku akuphunzira kugwira pensulo. Akalephera timati ana a kuchigwa sakonda sukulu. Zimene ndaona ndi maso anga n'zakuti mwana amene wagwira kuwerenga m'chilankhulo chimene amalota nacho, Chingerezi amachitola msanga, chifukwa luso lophatikiza zilembo amaliphunzira kamodzi kokha.

Chimene ndikupempha si chachilendo padziko. Paraguay mu 1992 inaika Guarani, chilankhulo cha anthu wamba ambiri, pambali pa Chisipanishi. Kenya mu 2010 inachita chimodzimodzi ndi Chiswahili pambali pa Chingerezi. New Zealand inavomereza Maori, chilankhulo cha eni nthaka, mu 1987. Nafenso tilembe Chichewa m'malamulo athu aakulu pambali pa Chingerezi, phungu aloledwe kulankhula Chichewa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo chiletso cha pa gawo 51 chichoke. Koma ndime yomweyo, tsiku lomwelo, itchulenso zilankhulo zinazo mayina awo, pamodzi ndi chilankhulo chamanja, ndi kunena kuti m'boma limene chilankhulo chili ndi eni ake ambiri, munthu ali ndi ufulu wothandizidwa m'chilankhulo chimenecho kukhoti, kuchipatala, kupolisi ndi m'makalasi oyambirira. Tikakweza Chichewa chokha tidzakhala tabwereza 1968, ndipo abale athu a kumpoto ndi a kuno kuchigwa adzakhala ndi chifukwa chomveka chokanira. Wailesi ya MBC inabwezeretsa Chitumbuka dziko litasintha mu 1994, kenako inayamba kuulutsa nkhani m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. Ena ankati dziko lisweka. Silinasweke. Ndimakumbukira madzulo ena apongozi atakhala pamphasa, wailesi ili pamiyendo, akuuza adzukulu kuti akhale chete chifukwa boma likulankhula.

Aphungu a ku Nsanje ndi Chikwawa ndiwo ayenera kuyambitsa nkhaniyi, ndipo mafumu athu, kuyambira kwa Lundu mpaka kwa Tengani, ali ndi mawu amene boma limamva. Poyambira pake n'papafupi: malonda a ntchito ya womasulira m'makhoti a maboma awiriwa azinena kuti wofunsira ayenera kudziwa Chisena kapena Chimang'anja, ndipo ayesedwe pamaso pa eni chilankhulo.

Madzulo a tsiku la mlandu lija, tili pakhonde, ndinawapempha apongozi kuti andibwerezere zimene ananena m'khoti, mkazi wanga akundithandiza pamene ndatsalira. Anati ng'ombe imodzi inali ndi nyanga yakumanzere yopindikira pansi, ndipo inkatsimphina pang'ono kuchokera chaka chimene inatitimira m'matope a chigumula. Inayo inali ndi khutu long'ambika, linakodwa pawaya ili thole, ndipo anaisoka okha ndi ulusi wa thumba. Anatchula ndi mayi wake wa ng'ombeyo, ndi munthu amene anawagulitsa. M'faelo ya mlandu uja mulibe chilichonse mwa zimenezi.